Minsi Itatu Mumtondo Umodzi

Anthu aŵiri agula magalimoto oyendera magetsi ofanana ndendende, opangidwa pafakitale imodzi. Wina amakhala mumzinda wa Stuttgart ku Germany, mnzakeyo ku Manchester ku Britain. Tsiku lina madzulo onse aŵiri afika kunyumba mabatire atatheratu, nalumikiza magalimotowo kukabokosi ka magetsi kamene adakhomera pakhoma la galaja. Wa ku Stuttgart batire lake lidzadza patapita maola 5 ndi theka. Wa ku Manchester ayenera kudikira maola 8. Galimoto ilibe mlandu, mwini wakenso alibe mlandu. Kusiyana kwagona m'mawaya amene amaloŵa m'nyumba ziŵirizo. M'nyumba ya ku Stuttgart mumaloŵa mawaya atatu a moto, ndipo magetsi otere amisiri amaŵatcha three phase. M'nyumba ya ku Manchester mumaloŵa waya mmodzi wa moto, ndiwo magetsi a single phase.

Amene adakonza kuti zinthu zikhale chomwechi sadaganizeko za galimoto ya lero. Adali akatswiri a zaka za m'ma 1880 ndi 1890, amene nkhaŵa yawo idali nyale za m'misewu ndi makina a m'mafakitale. Koma paja akuluakulu adati madzi saiŵala khwaŵa. Njira imene akatswiriwo adalambula ndi imene magetsi akutsatabe, kotero kuti wogula galimoto ya magetsi lero amapindula kapena kuluza ndi zosankha za anthu amene adatsikira kuli chete kalekale.

Kuti mbiriyi imveke bwino, pafunika kuyamba ndi mitundu iŵiri ya magetsi. Mtundu woyamba, wotchedwa DC, umayenda kuloŵera kumodzi basi, monga madzi a mumtsinje. Batire lililonse, la tochi ngakhale la galimoto, limasunga magetsi a mtundu umenewu okha. Mtundu wachiŵiri, wotchedwa AC, umapita n'kubwerera, kupita n'kubwerera, monga funde pagombe la nyanja. Ku Ulaya ndi ku Malaŵi umatero ka 50 pa sekondi imodzi, ku America ka 60. Magetsi a m'nyumba ndi a mtundu wachiŵiriwu, choncho pakati pa khoma ndi batire payenera kukhala chipangizo chosandutsa AC kukhala DC, ndicho tchaja. Kukankha kwa magetsi amakuyesa m'mavoliti, kuchuluka kwa magetsi oyenda m'waya amakuyesa m'maampu, ndipo ziŵirizi akazichulukitsa zimapereka mphamvu, imene amaiŵerenga m'makilowati. Kilowati imodzi ikagwira ntchito ola limodzi, ndiyo yunitsi imodzi ya pamita.

Magetsi a single phase ali ngati mayi amene akusinja yekha. Munsi ukagunda chimanga uyenera kukwera m'mwamba, ndipo panthaŵi imeneyo mumtondo simuchitika kanthu. Mphamvu ya m'waya mmodzi imateronso: imakwera, n'kutsika mpaka kutheratu, n'kukweranso, ka 100 pa sekondi. Diso siliona, koma makina amamva. Magetsi a three phase ali ngati amayi atatu ozungulira mtondo umodzi, yense ndi munsi wake. Woyamba akamakweza, wachiŵiri akugunda, wachitatu akukonzeka kutsitsa. Minsi siombana, ndipo mtondo supuma. Mawaya atatu aja amanyamula mafunde atatu otsatizana, lililonse kutsalira linzake ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a ulendo wake, kotero kuti mphamvu zawo zikaphatikizana sizikwera kapena kutsika. Palinso phindu lina. Single phase imafuna mawaya aŵiri, wa moto ndi wobwezera. Three phase, katundu akagaŵidwa mofanana, imatha kuyenda pamawaya atatu okha, ndipo atatuwo amanyamula mphamvu yoŵirikiza katatu, mkuwa utangoonjezeka ndi theka.

Poyamba penipeni padalibe woganiza za minsi itatu. Pa 4 Seputembala 1882 Thomas Edison adatsegula nyumba yopangira magetsi pamsewu wa Pearl Street mumzinda wa New York. Magetsi ake adali a DC, a mavoliti 110, muyeso umene udayenerana ndi mababu ake. Vuto lidali lakuti magetsi a mavoliti ochepa chotere amathera m'njira, ndipo kupitirira kilomita imodzi ndi theka nyale zinkayamba kuzilala. Pofuna kuchepetsa mkuwa, Edison adapeza nzeru ya mawaya atatu, aŵiri a moto ndi mmodzi wapakati. Kuchoka pawaya wa moto kufika pawapakati padali mavoliti 110, pakati pa aŵiri a motowo padali 220. Adaigwiritsa ntchito koyamba ku Sunbury m'chigawo cha Pennsylvania mu 1883. Mawaya atatu a Edison sadali three phase ai, koma ndi ofunika kuŵakumbukira, pakuti adzaonekanso kutsogoloku.

Yankho la mtunda lidabwera ndi thiransifoma, chipangizo chimene chimakweza kapena kutsitsa mavoliti, koma chimagwira ntchito ndi AC yokha. Akatswiri atatu a kampani ya Ganz ku Budapest, Károly Zipernowsky, Ottó Bláthy ndi Miksa Déri, adapanga thiransifoma yodalirika mu 1885. Chaka chotsatira William Stanley, mothandizidwa ndi George Westinghouse, adayatsa nyale za m'tauni ya Great Barrington ku America mwa njira yomweyo. Magetsi akakwezedwa kufika mavoliti zikwi zingapo amayenda ulendo wautali pawaya woonda osataika kwambiri, ndipo pofika pafupi ndi nyumba amatsitsidwanso. Koma AC ya masiku amenewo idali ya single phase, ndipo idali ndi chilema chachikulu. Nyale inkayatsa bwino, koma mota yake sinkatha kudzuka yokha. Inkangonjenjemera pamalo amodzi mpaka wina ataipukusa. Eni mafakitale, amene ankafuna mphamvu yotembenuza makina, adakakamirabe DC.

Anthu angapo a m'maiko osiyana adatulukira mankhwala a chilemachi pafupifupi nthaŵi imodzi. Galileo Ferraris wa ku Turin ku Italy adaona mu 1885 kuti mafunde aŵiri otsatizana amabala mphamvu ya maginito yozungulira, imene imakoka chitsulo kuti chizizungulira nayo. Nikola Tesla adapeza zomwezo payekha, nalandira ziphaso za umwini wa luso lake ku America mu Meyi 1888, ndipo Westinghouse adagula ufulu wogwiritsa ntchito lusolo chaka chomwecho. Makina oyamba a anthu aŵiriŵa adali a mafunde aŵiri. Amene adaumirira pa atatu adali Mikhail Dolivo-Dobrovolsky, wobadwira ku Russia mu 1862, amene adachotsedwa sukulu ku Riga mu 1881 kaamba ka ndale za ophunzira, napita kukapitiriza maphunziro ku Darmstadt ku Germany. Ali pantchito kukampani ya AEG ku Berlin, adapanga mu 1889 mota ya three phase yodzuka yokha, yolimba, yosavuta kupanga, ndi yopanda tizitsulo tokhulana totha msanga. Mota zimene zimatembenuza zigayo za magetsi lero ndi zidzukulu zake.

Komabe luso likadali pabenchi la mmisiri silikhutiritsa eni ndalama. Mzinda wa Frankfurt unkafuna kumanga nyumba yake yopangira magetsi, koma akuluakulu ake adakangana zaka zingapo posankha pakati pa DC ndi AC. Leopold Sonnemann, mwini nyuzipepala ya Frankfurter Zeitung, adapereka ganizo lakuti pachitike chionetsero chachikulu, kuti njira iliyonse idzionetsere poyera. Chionetserocho chidatsegulidwa pa 16 Meyi 1891, ndipo woyang'anira zaumisiri adali Oskar von Miller wa ku Munich. Iyeyu adafuna chinthu chimene padalibe adachichitapo: kubweretsa magetsi ochuluka kuchokera ku Lauffen, tauni ya pamtsinje wa Neckar, pamtunda wa makilomita 175.

Ku Lauffen kudali fakitale ya simenti imene idali ndi makina otembenuzidwa ndi madzi. Kumeneko adaikako jenereta ya three phase ya kampani ya Oerlikon ya ku Switzerland, luso la Charles Brown. Jeneretayo inkatulutsa mavoliti 55, ndipo mathiransifoma ankaŵakweza kufika 15,000. Mawaya atatu a mkuwa, aliyense wonenepa mamilimita 4 okha, adaŵayendetsa pamitengo yoposa 3,000, mbali yaikulu motsata njanji. Okayika adali ambiri, ena poopa ngozi, ena poganiza kuti mphamvu idzathera m'njira. Pa 25 Ogasiti 1891 mababu 1,000 adayaka ku Frankfurt ndi mphamvu ya madzi a Neckar. Pambuyo pake mota ya Dolivo-Dobrovolsky, ya makilowati pafupifupi 75, idayamba kupopa madzi a mathithi ochita kumanga pabwalo la chionetsero, kotero kuti madzi ogwa ku Lauffen ankakweza madzi anzake ku Frankfurt. Akatswiri atayesa, adapeza kuti magawo 75 mwa 100 a mphamvu yotumizidwa ankafika.

Mkangano wa mtunda udathera pomwepo. Mu 1892 mzinda wa Heilbronn, wa pafupi ndi Lauffen, udayamba kulandira three phase tsiku ndi tsiku. Chodabwitsa n'chakuti mzinda wa Frankfurt weniweniwo, mwini chionetsero, udasankha single phase pomanga nyumba yake ya magetsi, imene idayamba ntchito mu 1894. Nyale, zimene zidali ntchito yaikulu ya magetsi a mumzinda masiku amenewo, sizisamala kuti minsi ndi ingati. Apa padaonekera mfundo imene ikugwirabe ntchito: three phase imapambana pamene pali mtunda wautali ndi makina olemera, single phase imakwanira pamene katundu ali wopepuka.

Pamizere yaitali dziko lonse lidatsata Lauffen. Mu Novembala 1896 magetsi a mathithi a Niagara adafika mumzinda wa Buffalo pamawaya a three phase, ngakhale kuti majenereta ake oyamba adali a mafunde aŵiri. Dziko la Britain lidakhazikitsa lamulo mu 1926 limene lidabala mizere ya dziko lonse ya mavoliti 132,000. Majenereta a ku Nkula, amene adayamba ntchito pamtsinje wa Shire mu 1966, nawonso ndi a three phase, ndipo woyang'ana nsanja za magetsi m'mbali mwa msewu adzaona kuti mawaya ake aakulu amayenda atatuatatu. Maiko adasiyana pakamtunda komaliza kokha, kuchoka pamtengo wa mumsewu kuloŵa pakhomo.

Ku America adasunga mawaya atatu a Edison aja. Thiransifoma yaing'ono yopachikidwa pamtengo imatenga magetsi pawaya mmodzi wa mzere waukulu, n'kuŵagaŵa paŵiri, kupereka mavoliti 120 a nyale ndi 240 a chitofu kunyumba zoŵerengeka. Ngakhale mawaya a moto oloŵa m'nyumba ali aŵiri, funde lake ndi limodzi, motero ndi single phase ndithu. Njirayi idayenerana ndi dziko la nyumba zotalikirana, ndipo boma litayamba ntchito yofikitsa magetsi kumidzi ya alimi mu 1935, mizere yambiri idali ya single phase popeza njotsika mtengo. Nakonso ku Japan nyumba zimalandira single phase, ya mavoliti 100 ndi 200.

Ku Ulaya, kumene nyumba n'zothithikana, thiransifoma imodzi yaikulu imadyetsa dera lonse pamawaya anai, atatu a moto ndi mmodzi wobwezera. Lero kuchoka pawaya wa moto kufika pawobwezera pali mavoliti 230, pakati pa aŵiri a moto pali 400. Ku Germany, Austria, Switzerland ndi Sweden adazoloŵera kuloŵetsa mawaya onsewo m'nyumba, kuti chitofu ndi chotenthetsera madzi zigaŵire katundu wake pa onse atatu. Dziko la Britain lidatenga njira ina. Mawaya onse amadutsa mumsewu, koma nyumba iliyonse imapatsidwa mmodzi, nyumba iyi waya woyamba, inayo wachiŵiri, inanso wachitatu, ndipo waya mmodziyo amakhala wonenepa, wa fyuzi ya maampu 60 mpaka 100. Dziko la Malaŵi lidatengera za Britain. N'chifukwa chake nyumba zambiri zolumikizidwa ndi ESCOM zili ndi single phase, pamene mwini chigayo amachita kupempha three phase.

Nanga galimoto ya magetsi idali kuti nthaŵi yonseyi? Idalipo, ndipo kwa kanthaŵi idatsogola. Mu 1897 matakisi a magetsi ankayenda m'misewu ya London ndi New York. Mu 1899 Camille Jenatzy wa ku Belgium adakhala munthu woyamba kupitirira liŵiro la makilomita 100 pa ola pagalimoto, ndipo galimotoyo idali ya batire. Mwa magalimoto 4,192 opangidwa ku America amene adalembedwa m'kalembera wa 1900, okwana 1,575 adali a magetsi, a petulo adali 936 okha, otsalawo a nthunzi. Kumene mzinda udali ndi DC kutchaja kudali kosavuta. AC itafala, eni magalimoto adasoŵa chosandutsira magetsi, ndipo chimodzi mwa zoŵathandiza chidali chibotolo chagalasi chokhala ndi nthunzi ya mercury, chimene Peter Cooper Hewitt adatulukira mu 1902. Koma mu 1908 kampani ya Ford idatulutsa Model T, ya petulo ndi yotsika mtengo, ndipo mu 1912 Cadillac idabwera ndi sitata, kuthetsa chintchito chopukusa injini ndi dzanja. Galimoto ya batire idazimirira pang'onopang'ono. Kwa zaka pafupifupi 100 mawaya a m'nyumba adakonzedwa popanda woiganizira.

Itabwerera mwamphamvu cha m'ma 2010, idapeza kuti dziko lililonse lidamanga kale nyumba zake mwa njira yake. Pano pali chinthu chimene ambiri amasokoneza. Kabokosi ka pakhoma, ngakhale anthu amakatcha tchaja, sikasandutsa magetsi ai. Ntchito yake ndi kutsegula ndi kutseka, kuteteza munthu kungozi, ndi kuuza galimoto maampu amene ikuloledwa kukoka. Tchaja yeniyeni ili m'kati mwa galimoto, ndipo wopanga galimoto ndiye amasankha ngati ikhale ya waya mmodzi kapena atatu. Aliyense tsono adayang'ana nyumba za kwawo. Nissan Leaf, imene idayamba kugulitsidwa ku Japan ndi ku America mu Disembala 2010, idabwera ndi tchaja ya single phase ya makilowati 3.3, ndipo pambuyo pake kudabwera ya 6.6.

Kusiyanaku kudaonekera ngakhale pamapulagi. Kumayambiriro kwa 2010 bungwe la akatswiri a zamagalimoto ku America, la SAE, lidavomereza pulagi ya mabowo asanu yokonzedwa ndi kampani ya Yazaki ya ku Japan, imene idadziŵika ndi dzina lakuti Type 1. Pulagiyi ilibe malo a three phase. Wofuna mphamvu yambiri amangoonjezera maampu, mpaka 80 pamavoliti 240, ndiwo makilowati 19.2, koma zotere zimafuna waya wonenepa kwambiri. Kuyambira mu 2023 makampani ambiri a kumeneko adalengeza kuti asamukira kupulagi ya Tesla, koma iyonso AC yake ndi ya single phase. Ku Germany kampani ya Mennekes, ya m'tauni ya Kirchhundem, idaonetsa mu 2009 pulagi ya mabowo 7: atatu a moto, limodzi la wobwezera, limodzi la waya wa pansi woteteza, ndi aŵiri amene galimoto ndi kabokosi zimalankhulirana. Imeneyi ndiyo Type 2, ndipo imalandira magetsi a mitundu yonse iŵiri. Makampani ena a ku France ndi Italy adalimbikira pulagi yawo, Type 3, yokhala ndi tizitseko totchinga mabowo, ndipo mkangano udatenga zaka zitatu. Mu Januwale 2013 bungwe la European Commission lidasankha Type 2, ndipo mu 2014 chisankhocho chidasanduka lamulo la maiko a European Union.

Masamu ake ndi apafupi. Waya mmodzi wa mavoliti 230 wonyamula maampu 16 amapereka makilowati 3.7, ndipo wa maampu 32 amapereka 7.4. Mawaya atatu a maampu 16 aliyense amapereka 11, a maampu 32 amapereka 22. Batire la mayunitsi 60, la kukula kwapakati, limadzadza m'maola pafupifupi 16 pamakilowati 3.7, maola 8 pa 7.4, maola 5 ndi theka pa 11, ndi maola pafupifupi 3 pa 22. Nthaŵiyi imatalikirako pang'ono chifukwa mphamvu ina imataika ngati kutentha. Munthu wa ku Stuttgart uja, wa kabokosi ka makilowati 11, amalandira mphamvu yochuluka pamene waya aliyense wa m'nyumba mwake akunyamula theka lokha la maampu a mnzake wa ku Manchester, wa kabokosi ka 7.4. Ntchito yachuluka, koma palibe munsi umene watopa.

Komatu mawaya atatu amafuna kusenzetsedwa katundu mofanana. Nyumba zambiri za mumsewu umodzi zikalemetsa waya mmodzi, mavoliti ake amatsika, waya wobwezera amatentha, ndipo thiransifoma imavutikira mbali imodzi. N'chifukwa chake ku Germany malamulo a kalumikizidwe salola kuti waya mmodzi alemetsedwe kuposa anzake ndi maampu opitirira 20, ndiwo makilowati 4.6. Zotsatira za zonsezi zimadabwitsa ogula ambiri. Galimoto ya tchaja ya single phase ya makilowati 7.4 ikafika pakabokosi ka three phase ka makilowati 11, imamwa pawaya mmodzi wa maampu 16, n'kulandira 3.7 basi, theka la zimene ikadalandira ku Manchester. Nayonso galimoto ya tchaja ya 11 ikalumikizidwa kukabokosi ka 22 siipitirira 11. Liŵiro la kutchaja limalamulidwa ndi chofooka mwa zinthu zitatu: mawaya a nyumba, kabokosi ndi chingwe chake, ndi tchaja ya m'galimoto.

Kampani ya Renault ya ku France idayesa kufinya phindu lonse la three phase. Galimoto yake ya Zoe, imene idafika kwa ogula ambiri mu 2013, inkagwiritsa ntchito mbali zina za mota yake ngati tchaja, ndipo mitundu yoyamba inkalandira makilowati 43. Opanga ena ambiri sadatsatire, popeza tchaja yaikulu njolemera ndi yodula kuti galimoto iziyenda itaisenza. Ambiri a ku Ulaya adakhazikika pa 11, ndipo kutchaja kwa changu adakusiyira makina aakulu a m'mbali mwa misewu. Makinaŵa amasandutsa okha magetsi n'kuthira DC m'batire mwachindunji, kuyambira makilowati 50 mpaka 350 ngakhale kuposerapo, osadzera patchaja ya m'galimoto. Pafupifupi onseŵa, ngakhale ku America komwe, amadya three phase.

Tsono mwini nyumba ya single phase achite chiyani? Kusintha nyumba kuti ikhale ya three phase kumafuna chilolezo cha kampani ya magetsi, mawaya atsopano, mita ina ndi bokosi lina la mafyuzi, ndipo ndalama zake si zochepa. Asanatulutse ndalamazo ayenera kusinkhasinkha zinthu ziŵiri. Choyamba ndi tchaja ya galimoto yake. Magalimoto ambiri a ku Malaŵi amagulidwa ogwiritsidwa kale ntchito kuchokera ku Japan, ndipo Leaf yochokera kumeneko ili ndi pulagi ya Type 1. Nyumba ingakhale ndi mawaya atatu, iyo idzamwa pa mmodzi. Chachiŵiri ndi ulendo wa tsiku ndi tsiku. Galimoto yapakati imadya mayunitsi 15 mpaka 20 pamakilomita 100. Woyenda makilomita 50 patsiku amabweza mayunitsi osaposa 10, ntchito ya ola limodzi ndi theka pamakilowati 7.4, kapena maola 3 pa 3.7. Usiku uli ndi maola ambiri kuposa pamenepo, ndipo tsokonombwe adatha mtunda n'kudumpha. Chofunika kwambiri n'chakuti mmisiri wovomerezeka ayambe waona ngati mawaya ndi fyuzi za nyumbayo zingapirire maampu ochuluka kwa maola ambiri, chitofu ndi giza zikugwiranso ntchito. Three phase imapindulira mwini matakisi, kampani ya magalimoto ambiri, banja la magalimoto aŵiri, ndiponso wokhala kumene magetsi amazima kaŵirikaŵiri, pakuti kumeneko ola lililonse la moto n'lamtengo wapatali. Komabe onseŵa apindula pokhapokha galimoto yawo ili ndi tchaja ya mawaya atatu.

Dolivo-Dobrovolsky adamwalira ku Heidelberg mu 1919, galimoto ya batire ikuzimirira m'misewu. Lero mota zoyendetsa magalimoto a magetsi pafupifupi zonse n'za three phase, ngakhale za magalimoto otchajidwa pawaya mmodzi. Magetsi amabadwa ali mafunde atatu kujenereta, amaloŵa m'nyumba ya ku Manchester ali funde limodzi, amagona m'batire ngati DC, ndipo m'maŵa mwini wake akaponda moto, chipangizo cha m'galimoto chimaŵasandutsanso mafunde atatu kuti atembenuze mota. Batire la ku Stuttgart lidadzadza pakati pa usiku, la ku Manchester tambala woyamba ali pafupi kulira. Eni ake onse aŵiri adali m'tulo, ndipo kutacha adanyamuka nthaŵi imodzi.